Mowa wa Masana wa a Bizwell

Ku Joni, 9 Malichi 2024

Okondedwa amake Tisungane,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, chimfine chinandigwira sabata yatha koma chatha. Musadabwe kuti ndabwerera ku kalata ngati munthu wakale. Foni ija anandilanda anyamata ena pokwerera tekisi, masanasana, anthu akuonerera. Kalatayi ndapatsira a Silvester, a matransipoti aja anakubweretserani mapoto chaka chatha. Muziyankha kudzera kwa iwo omwewo.

Ntchito ndaipeza. Tikugwetsa komponi yakale ya mgodi umene unatsekedwa kalekale, akuti pamangidwa nyumba zogulitsa. Ine ndili m'gulu lokwera pamwamba kukasasula malata ndi kutsitsa mitanda. Amayi musawauze za kukwerako, muwauze kuti ndimapala njerwa pansi. Zipinda zake mukanaziona! Mabedi a simenti osanjikizana ngati mashelefu a mu golosale, ndipo m'makoma muli mayina ozokota ndi misomali. A kwathu ndi ambiri, a Banda, a Phiri, a Ndau. Ndinaima nthawi ndithu ndikuwerenga, mpaka kapitawo anandikuwira.

Ndalama ndatumiza pa foni ya achemwali anu a Hannah. Fizi ya Tisungane ikhale yoyamba, yotsalayo musunge ya mbewu ya mbatatesi ya kudimba. Musagulenso kwa uja wa pa Lizulu anatigulitsa yovunda m'kati. Nsapato za Mfundo zidikire kaye, mapazi ake akukula ngati maungu, tingagule lero mawa zathina.

Ndikuuzeni zoseketsa. M'mawa pa geti amatiuziritsa kachipangizo koyezera mowa, ukapezeka nawo amakubweza. Koma pa lanchi palibe amayeza. Ndiye ikangokwana thwelofu anzanga amatulukira pa bowo la mpanda, kuseri kumene kuli mitengo ya bulugamu. Kumeneko mayi wina amagulitsa masese, kuno amati mkomboti. Amamwa zigubu zathunthu, belu likalira n'kukweranso padenga maso ali psuu. Ine ndimakhala nawo ndi buledi wanga ndi mahewu.

Azulu ndiye sandipatsa mpata. Akuti, "Mngoni wamtundu wanji wosamwa?" Ndinawauza kuti mkazi wanga ndi wa Mvano, akangomva ndikagona pakhonde. Lachinayi ananyanya, akuti Angoni a ku Malawi tinataya zonse panjira, chilankhulo ndi miyambo yomwe. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinalanda chigubu cha Chrispine, mnzanga wa kwa Champiti amene timagona chipinda chimodzi, ndinavula chipewa, n'kugwada monga ankachitira malemu bambo, n'kuthira pang'ono pansi. Kungoti bambo ankatchula mayina, agogo awo mmodzimmodzi. Ine ndinaona kuti kuno ndilibe wanga woti ndimutchule, ndiye ndinangoti, "Madlozi, inu mizimu, aliyense wa kwathu amene wagona m'dothi lino, nawu uchwala, nawu mowa wanu, bwerani mumwe." Azulu anaomba m'manja, ena mpaka kuimba mluzu. Dothi linameza mowawo nthawi yomweyo osasiya ndi chinyontho chomwe, mwina chifukwa cha dzuwa. Sindinalawe ayi, musakwinye nkhope.

Chaka chino chisanathe ndikubwera, zivute zitani. Mfundo ndinamusiya akukwawa, sindikufuna adzandipatse moni wa mlendo. Ndakusowani kwambiri, mayi, ndipo ndalemba poyera kuti musamati sindinena.

Ndine mwamuna wanu,
Evance


Ku Joni, 20 Epulo 2024

Amake Tisungane,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo a Mfundo atha, ndi kuti chimanga chachita bwino. Ine ndili bwino. Chidzudzulo chija ndamva. Mwati kuthira mowa pansi ndi zachikunja. Anali masewera chabe, musandiitanire abusa.

Chimanga musagulitse ngakhale ndowa imodzi. Mavenda ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo onama, ndikuwadziwa. Mukangokolola muthire mankhwala a anankafumbwe. Kuno zinthu zikukwera tsiku ndi tsiku, buledi yemwe wasanduka chakudya cha mabwana.

Ndapeza munthu wa kwathu. Mawa lake la masewera aja, titakhala pansi pa bulugamu, ndinangoona mdala wina ali pambali panga, atakhala pa chitsa. Sindinamuone akubwera. Ovololo yotuwa ndi fumbi, jombo kumapazi, mutu wonse mbuu, kaya ndi imvi kaya ndi fumbi lomwelo. M'manja anali ndi chitini cha jamu chomangirira waya. Anandipatsa moni m'Chichewa chenicheni cha kumapiri kwathu, chija ankalankhula agogo. Kenako anati, "Ndinu munaitana dzulo?" Ndinaseka, ndinati ndine, agogo. Iwo osaseka. Anati, "Mwachita bwino, mwana wanga. Kukhosi kunauma."

Dzina lawo ndi a Bizwell Ndau, kwawo ndi ku Biriwiri, tsidya lija la msewu, mbali ya ku Mozambiki. Akuti amagwira ntchito pansi. Kuno alipo ambiri olowa mozemba m'migodi yotsekedwa kukatola golide wotsala, ndiye sindinafunse zambiri, nkhani zake n'zosayamba dala.

Tsopano apa mumve bwino musanakwiye. Ndinawagulira masese, chifukwa munthu wamkulu wa kwanu, ku dziko la eni, sungamuyang'ane ndi maso okha. Nditawathirira m'chitini muja anandibwezera. Anati, "Woitana ndiye amayamba kulawa." Mwambo umenewu mukuudziwa, ndi kwanu komwe uliko. Ndikanakana bwanji, munthu wamkulu atatambasula manja awiri? Ndinangonyowetsa milomo. Kulawa si kumwa.

Chiyambire tsiku limenelo amabwera lanchi iliyonse. Belu likalira, ndikawerama kutola chipewa, apita kale. Nkhani zawo n'zoseketsa. Anandifunsa ngati basi ikumatitimirabe m'matope pa Biriwiri. Ndinati, agogo, tala anathira kalekale. Anandifunsanso kuti bulangete likugulidwa masheleni angati masiku ano. Akuti joini yawo, ndiye kuti kontirakiti, yatsala ndi mwezi umodzi, ikatha aona msana wa njira. Akuti kumudzi anasiya mkazi wawo a Dailes, iwo amawatcha aNanzunga, ali oyembekezera mwana woyamba. Munthu wotuwa mutu ngati uja! Ndinaona kuti mutu unayamba kusokonekera, ndipo ndinamva chisoni. Kukalambira kuno n'koipa.

Tsiku la msika pa Lizulu mufunseko amayi a ku Biriwiri aja ogulitsa kabichi ngati akuwadziwa a Dailes aNanzunga. Mdala akufuna kutumiza bulangete nyengo yozizira isanafike, ndipo ine ndawalonjeza kuti mkazi wanga sasowa munthu akamufuna.

Mupereke moni kwa amayi ndi atsibweni a Hilary.

Wanu,
Evance


Ku Joni, 1 Juni 2024

Amake Tisungane,

Muli bwanji ndi chisanuchi? Chifuwa cha amayi chili bwanji? Ine ndilipo. Kuno kukuzizira moti madzi a mu ndowa amadzuka ataundana pamwamba.

Ndaona kuti Chrispine anaimbira mkazi wake, mkazi wake anauza a Hannah, a Hannah anauza inu, ndipo pano Lizulu yonse ikudziwa kuti Evance akumwa pa ntchito. Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza. Mawu aja akuti mudzagwa padenga mutisiyire umasiye anandipweteka, chifukwa ndi oona. Sindikana. Kulawa kuja kunakula. Masiku ano chigubu chonse chimatha. A Bizwell amangogwira chitini, ine kuthira, iwo n'kundipatsa. Ndikameza ine, amene amapukuta pakamwa ndi iwo.

Koma pali chimene Chrispine sanakuuzeni. Mowawo sundiledzeretsa. Lolemba kapitawo anandipeza chitini chili kukamwa. Anandikokera ku ofesi, n'kuitana wachitetezo ndi kachipangizo kake. Ndinauzira, sikanaonetse kanthu. Anatenga kena katsopano, chimodzimodzi. Kapitawo anachita kundinunkhiza m'kamwa, fungo kulibe. Kenako anati bwerera padenga. Anzanga akuti ndili ndi mankhwala a ku Malawi, ena mpaka akundinyengerera kuti ndiwagulitseko. Ndinaseka nawo. Koma nditakwera pamwamba ndinadzifunsa kuti nanga chigubu chonse chija chapita m'mimba mwa ndani.

Ndi Chrispine tinakangana. Akuti pa lanchi ndimakhala ndekha pafupi ndi chitsa, kulankhula ndi mphepo, kuseka, kulandira chitini ndi manja awiri pamene palibe wondipatsa. Ndinati nanga chitinicho sukuchiona? Anati chitini akuchiona, chadzimbiri, ndipo akuti ndinachifukula ndekha pa mizu ya bulugamu ndi zala zanga. Mukumva bodza la munthu wakumwa? Wasamuka m'chipinda, akugona kwa anzake a ku Mangochi. Lendi ndikulipira ndekha, n'chifukwa chake mwezi uno ndatumiza zochepa. Mugule kheni yothirira ndi mankhwala opopera mbatatesi, zinazo mupirire.

Chimene chikundivuta ndi ludzu. Dzuwa likafika pamutu kukhosi kumauma ngati ndameza phulusa, ndipo madzi sathandiza. Ngakhale Lamlungu, tsiku losagwira ntchito, miyendo imanditengera komweko. M'tchalitchi ndimatuluka ulaliki uli pakati. Chinanso, tsiku lina tikugwetsa chipinda china chakumapeto, ndinauza anzanga kuti asamale, kuseri kwa njerwa iyo kuli lumo ndi chipeso. Anachotsa njerwayo, anazipeza zitakulungidwa m'kansanza. M'chipinda chimenecho ndinali ndisanalowemo. Musandifunse, nanenso sindikudziwa.

Za a Dailes mwafunsa? Mdala akufunsa tsiku ndi tsiku. Joini yawo akuti yatsalabe ndi mwezi umodzi.

Mundipempherere, koma musatchule nkhaniyi ku Mvano.

Evance


Ku Joni, 27 Julayi 2024

Amake Tisungane,

Moni kwa inu ndi ana. Ndakondwa kuti Tisungane wakhoza mayeso, mumuuze kuti nzeruzo anatengera kwa bambo ake, inu mutsutse mmene mungathere. Ine thupi silili bwino kwenikweni. Ndikutsokomola.

Ndachedwa kuyankha chifukwa kalata yanu ndinaiika pansi pa matiresi, osafuna kuionanso. Mwalemba kuti munapeza gogo wina wa ku Biriwiri, a Esnath, amene anakulira limodzi ndi a Dailes. Akuti Bizwell Ndau anapita ku mgodi kalekale, nthawi imene Wenela inkatengera anthu ku Joni, ali mnyamata wongokwatira kumene. Akuti kunabwera uthenga woti mwala unamugwera pansi ndipo anaikidwa konkuno. A Dailes anakana kumeta, anakana kufulula mowa wa maliro, akuti sindilira munthu amene mtembo wake sindinauone. Mwana anamwalira ali wakhanda. Nkhondo ya ku Mozambiki itafika mudzi unaotchedwa, anthu anabalalika, ndipo a Dailes anamwalira ku msasa wa othawa nkhondo. Mwati palibe wotsala.

Poyamba ndinati mayina amafanana, a Ndau ndi ambiri ngati mchenga. Ndinakukwiyirani pachabe, pepani. Sabata yomweyo katapila anayamba kuzula mabulugamu aja. Pansi pa udzu anapeza timiyala ta simenti tondandalikana m'mizere, tilibe mayina, manambala okhaokha. Ndi manda, mayi. Miyezi yonseyi takhala tikudyera lanchi pa manda. Kamwala kena kali pa tsinde penipeni pa chitsa chija. Ntchito mbali imeneyo aimitsa, azunguliza chingwe chofiira. Mayi wa mkomboti wasamukira kwina, anzanga amutsatira. Ine ndimagula n'kubwerera nawo ku chitsa, kudumpha chingwe.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinapita kwa abusa ena a ku Malawi kuno, anandipempherera mpaka thukuta. Mawa lake ndinati lero sinditsika. Ikukwana thwelofu ndinatsala padenga ndekha, nditadzimanga lamba ku mtanda. Ludzu linabwera, ndinaluma mano. Nditacheuka, a Bizwell ali pa mtanda womwewo, miyendo ili lende, chitini m'manja. Anati, "Lero mwandiiwala?" Analankhula mofatsa, popanda mkwiyo. Ndinati, agogo, ndasiya, mkazi wanga sakufuna. Anati, "Munaitana ndinu. Ine ndinali chigonere."

Ndi pamene ndinawayang'ana bwino. Fumbi lija layoyoka kumaso. Si mdala ayi. Ndi mnyamata, wamng'ono kwa ine, ndevu zake zosakwana n'komwe. Phazi linaterereka, ndipo ndinapezeka ndili lende m'malere. Pakanapanda lamba, bwenzi a Silvester atakubweretserani bokosi. Atanditsitsa ndinapita kukagula chigubu.

Ku chipatala anandijambula chifuwa. Dokotala anandifunsa kuti ndagwira zaka zingati pansi pa mgodi. Ndinati sindinatsikeko chibadwire. Sanandikhulupirire. Ndevu zanga zatuwa mbali imodzi, mukadzandiona musadabwe.

Za a Dailes sindinawauze. Ndiyambira pati? Munthu amamwetulira akamatchula dzinalo.

Feteleza mugule pano, mitengo isanapenge. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ili ndi bere. Ndili ndi mantha, amake Tisungane. Sindinakuuzenipo mawu amenewa chikwatirane, koma lero ndanena.

Evance


Ku Joni, 14 Sepitembala 2024

Mayi,

Ndili moyo. Inu muli bwanji, nanga mwana m'mimbamo akusewera? Ng'ombe zija musabwereketse kwa alamu anu.

Pepani. Mizere iwiri iyo sindikudziwa kuti ndailemba bwanji. Ng'ombe ife tilibe, ndipo inu simuli oyembekezera. Ndinafuna kung'amba pepala, koma ndaisiya kuti muone nokha mmene zinthu zilili. Ndalakwa kulemba masana.

Ntchito yatha. Sanandichotse chifukwa cha mowa, kachipangizo kawo sikanandigwirepo. Anzanga ndi amene anakana kukwera nane padenga. Akuti ndikachoka ku lanchi ndimawaitana mayina a anthu ena, ndipo ndimafunsa kuti kheji, chikepe chotsikira mu mgodi, ili kuti. Kapitawo anandipatsa zanga zonse mwaulemu, koma dzanja sanandigwire.

Tsiku lomwelo a Bizwell anati joini yawo yatha. Anati, "Mundiperekeze, njira ndinaiiwala." Mzulu wina wachikulire wa pa ntchito pathu anandilangiza kuti kwawo munthu wofera kutali chonchi amakamutenga, amamulipirira mpando m'basi, ndipo amamuuza malo alionse amene akudutsa kuti asasochere. Ndatapa dothi la pa kamwala kaja m'chitini, ndamanga ndi nsalu. Matikiti ndagula awiri. Njinga imene ndinalonjeza Tisungane yalephereka, mumupepese.

Ndikawasiya ku Biriwiri, kwawo, ndifika kunyumba ndili ndekha. Musauze anthu tsiku.

Evance


Pa Lizulu, 5 Okutobala 2024

Amake Tisungane,

Musadzidzimuke ndi pamene ndalemberapa. Ndafika. M'thupi ndili bwinoko, kungotsokomola. Inu sindikufunsani, ndakuonani ndi maso anga dzulo pa msika, mutakhala kuseri kwa milu ya mbatatesi, mukulimbana ndi dalaivala wa lole pa mtengo wa ndowa. Munamugonjetsa, ndinaona. Mwaonda, mayi. Ine ndinali tsidya la msewu, pakhonde la golosale ina. Mtima unadumpha msewu kalekale, koma miyendo ndinaigwira.

Ulendo tinayenda bwino. Mpando wa pawindo unali wa a Bizwell. Kondakitala anaugulitsanso panjira kwa mayi wina, koma mayiyo sanakhalitse, ananyamuka yekha akuti pakuzizira. Mdalayo ndinawauza malo onse monga Mzulu uja anandilangizira, milatho ndi zipata zomwe.

Ku Biriwiri a Esnath anandilozera pamene panali mudzi. Ndi minda ya kabichi yokhayokha, ngakhale manda sakudziwika. Ndinatula chitini pansi, ndinati, agogo, mwafika, kwanu ndi kuno. Anayang'ana uku ndi uku nthawi yaitali. Anati, "Si kuno. Nyumba ili kuti? Nanzunga ali kuti?" Ndi pamene ndinawauza zonse, za mwana, za nkhondo, za msasa. Anangopukusa mutu. Anati, "Nanzunga sangafe ine ndisanabwere." Ndinasiya chitini m'mundamo n'kuthawa. Pofika ku msewu chinali m'manja mwanga.

Tsopano mumve chifukwa chimene sindinafike kunyumba. Dzulo pamene ndinkakuyang'anani, dzuwa linali pamutu, ndipo a Bizwell nawonso ankayang'ana. Anati, "Si uyo Nanzunga? Ndinadziwa kuti akundidikira." Ndinati ayi, amenewo ndi akazi anga, mayi wa ana anga. Mwini golosale anatuluka kudzandifunsa ngati ndili bwino. Akuti mawu onse awiri anatuluka pakamwa panga. Munthu wotere sindingalowe naye m'nyumba mmene mumagona inu ndi ana.

Ndinapita kwa atsibweni a Hilary mozungulira kudimba, ndipo kalatayi akupatsani ndi iwo. Ananditukwana kaye, n'koyenera. Akuti mzimu suitanidwa ngati nkhuku, kuti kwiyo kwiyo yobwera ibwere. Akuti amene wamuitana popanda dzina, ngati alibe abale, wasanduka wako. Njira ndi imodzi. Timulandire ngati wathu. Mowa wa maliro umene a Dailes sanafulule ufululidwe, tikauthire pa manda athu, chitini tikwirire pafupi ndi bambo, atsibweni amutchule dzina ndi kumuuza kuti anamwalira, agone. Kenako ine ndimete. Mowa wogula akuti sugwira, ndi umene wakhala ukungowonjezera ludzu. Uyenera kufululidwa ndi mkazi wa pa nyumba ya woitanayo.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Chimera cha mowa simunachigwirepo chibadwire. Utsi ukangofuka kuseri kwa nyumba, mudzi wonse udziwa, akuvulani bulauzi yoyera ya Mvano ija ndi kukudulani mu mpingo. Amati walira mvula walira matope, koma mvula ndinalira ndine, matope akugwera inu. Mukakana sindidzakudani. Mukalola, amayi akuonetsani kafululidwe kake, iwo sanaiwale.

Kungoti musachedwe kuganiza. Kale a Bizwell ankabwera pa lanchi pokha. Masiku ano amayamba dzuwa likangotentha, n'kuchoka litapendeka. N'chifukwa chake ndikulemba m'mamawa, nthawi imene dzanjali lidakali langa.

Mowa ukapsa mubwere nawo ku manda pamodzi ndi atsibweni, mame asanaume. Ana muwasiye kwa a Hannah. Mukandiona musathamange, ngakhale mtima ufune bwanji. Muime patali, mundipatse moni. Ndikayankha kuti amake Tisungane, senderani. Ndikakuitanani dzina lina lija, mutule mtsuko pansi, mubwerere osacheuka, ndipo ana mudzawauze kuti bambo awo anatchona ku Joni.

Ndine mwamuna wanu, m'mawa uno,
Evance